Chigaza cha m'Kabati ya a Perrine

Mukafika kwathu kuno ku Ploumeran n'kufuna kuona nyumba ya mafupa, pachitseko mupezapo kapepala konena kuti kiyi ali kunyumba yoyang'anana ndi tchalitchi. Lero kiyiyo ali ndi ine Gaid, ndipo sindinamufune. Kwa zaka makumi anayi ndi ziwiri anali ndi alamu anga a Perrine Cadiou, akazi a malemu achimwene anga a Yvon. Mayi anga ndi amene anawapatsa, kundidumpha ine mwana wawo wobala okha, ati pakamwa panga sipatseka. Zinandiwawa zaka zambiri, sindibisa.

Alendo amabwera nyengo yotentha, makabudula ali mbee, makamera pakhosi. Amayamba ndi mwala woimirira wa m'munda mwa a Morvan, n'kumaukumbatira ngati mbale wawo wosowa. Akachoka apo amapita kukasupe kukaponya mapini m'madzi, kenako pamtanda wamwala wa pamphambano. Koma asakunamizeni, chimene amadzera kwenikweni ndi zigaza.

Makolo athu manda akadzaza ankafukula mafupa n'kuwaunjika m'kanyumba kamiyala kamene kali pambali pa tchalitchi. Munthu amene anali ndi abale omukonda, mutu wake sunkaponyedwa pamuluwo. Ankaukhomera kabokosi kooneka ngati katchalitchi, kokhala ndi kazenera kutsogolo, n'kulembapo ndi penti yoyera kuti muno muli mutu wa uje, amene anamwalira chaka chakuti. Mwambowo unatha kalekale. Timabokosi tinatsala khumi ndi tiwiri pashelefu imodzi, ndipo pansi pake pali mulu wa anthu opanda maina.

A Perrine anali munthu wamfupi, woonda, woyankhula ngati mawu amagula. Anakulira pafamu ya ng'ombe kumudzi wina, ndipo manja awo anali aakulu kuposa a mwamuna wawo. M'mawa uliwonse nthawi ya eyiti ankatsekula chitseko, n'kuyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa shelefu akupereka moni kwa aliyense potchula dzina lake. Alendo ankawaopa. Mwamuna wolowa ndi chipewa ankangomuyang'ana mpaka avule yekha, ndipo wina wa ku Paris amene analowetsa chala pakazenera anam'menya ndi kiyi pankhonya. Sankalandira kanthu kwa munthu. Akafunsidwa ngati saopa, ankayankha kuti amene amawavuta ndi amoyo.

Panali tina timene tonse tinkaona koma osafunsa. Pa wani mwezi uliwonse, masana belu likangolira, ankatseka nyumba ya mafupa n'kudzitsekera m'kati. Ankapita ndi dengu lovundikira ndi nsalu, n'kubwerera nalo lovundikirabe. Tinkangoti ndi zopukutira fumbi. Sankagona kunja kwa mudzi. Ngakhale paukwati wa mwana wawo ku Nantes anadya mothamanga n'kukwera sitima yamadzulo. Ndiye panali chipinda chawo chochezera, momwe munali kabati yaikulu ya nsalu. Galu wawo sankalowamo, ankangoima pakhomo makutu ali chilili. Achimwene anga, munthu wokonda mowa wa maapozi ndi phokoso, m'chipinda chimenecho ankayenda monyang'ama. Ineyo amene ndimamveka kutsidya kwa msewu, ndikakhalamo ndinkadzipeza ndikunong'ona, ngati pali wina amene akumvetsera.

Chaka chatha mu Epulo kunabwera mayi wina wa ku ofesi yosamalira zinthu zakale. Anayeza, anajambula, analemba m'buku lake kuti timabokosi tilipo khumi ndi tiwiri. Anati kumudzi wina akuba anatenga chigaza, choncho shelefu yathu aitseka ndi galasi lochindikala, lomata, loti wina aliyense wa m'mudzi muno sadzathanso kulitsekula. Ameya anasangalala kwambiri. Anthu a galasi anapatsidwa tsiku, Lachisanu lachiwiri la Juni.

Kuyambira tsiku limenelo alamu anga anasiya kudya. Ndinkawapititsira msuzi, mawa lake n'kuupeza uli chomwecho. Ndinawakalipira, ndinati kodi akulirira kiyi ngati ndi mwamuna, pomwe chitseko adzatsekulabe okha?

Lolemba la sabata yomalizayo, dzuwa lili paliwombo, anandiitana. Anandilowetsa m'chipinda chochezera chija, n'kutsekula kabati. Pakati pa nsalu za pabedi zopindidwa bwino panali kapilo, ndipo pakapilopo panali chigaza, chitayang'ana kwa ife. Ndinakhala pampando osadziwa kuti ndakhala liti.

"Alamu, mukukumbukira chaka cha mphepo chija?" anatero.

Ndani angaiwale? Tonse tinali titangokwatiwa kumene. Mphepo inasasula denga la nyumba ya mafupa, mvula n'kulowa, ndipo timabokosi tinayi tinagwa pashelefu n'kukhuthukira pamulu uja. Mayi anga, amene ankasunga kiyi, anali chigonere, ndiye ntchito inagwera ife awiri. A Perrine anayala nsalu pakhoma la manda kuti zigaza ziume padzuwa, n'kundiuza kuti ndizitenga chimodzichimodzi, chilichonse ndikachiike pafupi ndi kabokosi kake, iwo akupukuta matabwa. Koma ine ndinali nditasiya mkaka pamoto. Ndinangowola zonse m'dengu ngati kabichi, za pashelefu ndi zimene zinagwa pamulu zomwe, ndinakakhuthula pansalupo, ine ulendo. Kunena zoona sindinaganizeponso.

Anandiuza kuti madzulo a tsikulo anabwezera zigaza m'timabokosi, tonse khumi ndi tiwiri tinadzaza, koma pansalu panatsala chimodzi. Anawerenga katatu. Ndinali nditatola munthu wa pamulu, ndipo panalibe chosiyanitsa. Onse anali mbuu, onse opanda mano.

Ndinafunsa chimene aliyense akanafunsa, kuti bwanji sanangochibwezera pamulu.

"Chiti?" anatero. "Ndikaponya pamulu munthu amene ana ake anam'khomera bokosi, si ndiye kuti ndamupha kachiwiri?"

Ndiye anachitenga n'kupita nacho kunyumba, poganiza kuti mawa apeza nzeru. Nzeruyo sinabwere. Mwezi utatha mtima unawapweteka kuti mwina amene ali m'kabatiyo ndi mwini dzina, akugona kunja mlendo ali m'nyumba mwake. Anamubwezera pashelefu, n'kutulutsa wa m'kabokosi kena. Mwezi wotsatira anachitanso chimodzimodzi, mpaka zinakhala ntchito yawo. Dengu lovundikira lija linali limenelo. Achimwene anga ankadziwa, ndipo anapita nazo kumanda osandiuza.

Ndinati ndiye kuti pofika lero palibe ngakhale mmodzi amene ali m'kabokosi kake. Iwo anavomera, koma anati palibenso amene anagonapo kunja kupitirira mwezi umodzi, kupatula kamodzi kokha. Mwezi umene achimwene anamwalira, alamuwo anaiwala kusintha, masiku atatu anadutsa. M'mawa wa masiku atatu onsewo anapeza chitseko cha kabati chili chotsekula, pomwe anali atachikiya okha. Ananena zimenezi ngati akunena za mtengo wa batala. Ine ndinasuntha mpando wanga kuti ndisayang'anane ndi kapilo kaja.

Vuto tsopano linali poyera. Galasi likamatidwa Lachisanu, amene ali m'kabati atsala kunja mpaka kalekale, ndipo wosankha ndi a Perrine. Ndinayamba kubwebweta nzeru zanga. Ndinati tiuze abambo mfumu amukwirire, iwo anati akwirira ndani, amutchula chiyani popemphera? Ndinati tipanikize awiri m'kabokosi kamodzi, anati anayesa kale, salowa. Ndinati tichite maere. Pamenepo anandiyang'ana monga ankayang'anira amuna a zipewa aja.

Anati kabokosi kena alipo kale. A Fanch, kalipentala wathu wokalamba amene safunsa mafunso, anali atakhoma ndi thabwa la benchi yakale ya m'tchalitchi, ndipo sungakasiyanitse ndi tinzake. Chimene chinatsala ndi dzina. Kabokosi kopanda dzina, iwo anati, ndi mulu womwe uja, kungoti waung'ono. Dzina lopeka ndi bodza, ndipo akufa sanamizidwa. La munthu wakufa sangatenge chifukwa mwini wake akuligwiritsa ntchito kumanda. Lofunika ndi dzina lenileni, loti mwini wake apereke yekha ndi mtima wake.

Ndinamva bwino lomwe chimene sananene. Amene anawola anthu ngati kabichi chifukwa cha mkaka wa pamoto ndine. Sanandipemphe, sanandidzudzule, anangokhala manja awo aakuluwo ali pamaondo. Ine Gaid, wa pakamwa posatseka, ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndasiya nyemba pamoto. Manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo.

Lachinayi m'mawa ndinapita kunyumba ya mafupa ndisanamwe n'khofi yemwe. Ndinapeza atasendeza timabokosi pang'onopang'ono kuti papezeke malo kumapeto. Penti inali isanaumitsitse. Panalembedwa kuti muno muli mutu wa Perrine Cadiou, amene anamwalira, ndiye chaka chimene tinali nacho chomwecho. Pakazenera chigaza chija chinali chikusuzumira.

Ndinalalata, abale. Ndinati akudziitanira imfa, ndinati mwina mutu wawazungulira, ndinati achotse chakacho basi asiye dzina lokha. Ndinafuna kufufuta ndi mpango wanga, koma anandigwira dzanja, ndipo mphamvu za pafamu zija zinali zikadalipo. Anati anzake onse ali ndi chaka, iyeyu asaoneke ngati wobwera.

"Dzinali ine ndalisenza zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zinayi, alamu," anatero. "Landikwana. Uyu sanakhalepo nalo, kapena analandidwa. Musiyeni apume."

Anthu a galasi anafika Lachisanu, amuna awiri pagalimoto yoyera. Ine mtima unali m'mwamba kuti aona kabokosi kowonjezerako. Wina anayang'ana pepala lake n'kunena kuti apa alemba khumi ndi tiwiri, mnzake anamuyankha kuti iwo anatumidwa kudzamata galasi, kuwerenga mitu ndi ntchito ya ena. Anaseka, anaboola khoma, anamata. Atamaliza anapempha wosunga kiyi kuti asaine. A Perrine analandira cholembera, anachiyang'ana kanthawi, kenako anandipatsa ine pamodzi ndi kiyi.

Anakhalabe moyo miyezi isanu ndi umodzi. Anayambanso kudya, ananenepako, anakagona kwa mwana wawo ku Nantes sabata yathunthu. Galu anayamba kulowa m'chipinda chochezera n'kumagona patsinde pa kabati. Chimodzi chokha ndi chimene chinkandiopsa. Ukawaitana kuti a Perrine, sankatembenuka. Sikuti anali atagontha, chifukwa ndikati alamu ankayankha nthawi yomweyo. Wa positi anadandaula kuti akumunyoza. Ine ndinkawerenga masiku a chakacho, ndipo Disembala atalowa ndinayamba kupuma, ndikuti tapulumuka.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti chaka chithe, ndinawapeza masana ali pampando pafupi ndi zenera, mbatata yosenda theka ili m'manja. Adokotala anati ndi mtima. Ndinalira ngati mwana, ndipo mpaka lero ndikadawakwiyira.

Anali atamulumbiritsa mwana wawo kuti pamanda pasalembedwe kanthu. Mwanayo anakangana nane, ati anthu aziti tinalibe chikondi, koma mawu a mayi ake anawasunga. Mukalowa m'manda mwathu, pafupi ndi achimwene anga pali mwala wosalala wopanda chilembo n'chimodzi chomwe. Alendo amaudutsa pothamangira ku zigaza. Amajambula timabokosi tonse khumi ndi titatu, ndipo chaka chonsechi palibe n'mmodzi yemwe amene wawerenga chaka cha pakabokosi komaliza n'kundifunsa. Mayi wa ku ofesi uja sanabwerenso.

Tsopano amene amatsekula nthawi ya eyiti ndine. Mawondo amandipweteka, m'katimo mumazizira ngakhale mu Ogasiti, ndipo galasi limachita nthunzi cha kum'kati, sindidziwa chifukwa chake. Ndimayenda kutsogolo kwa shelefu monga ankachitira iwo, ndikutchula maina, ngakhale ndikudziwa kuti palibe amene ndikumutchula lake. Ndikafika kumapeto ndimati, "Mwadzuka bwanji, a Perrine?" Ndikatero ndimatuluka msanga, ndisanamve kanthu, n'kupita pamwala wosalala uja. Pamenepo ndimangoti alamu, chifukwa dzina limene likanayenera kukhala kuseri kwa galasi lija ndikadali nalo ine.