Nzimbe za Adada

Ndikukumbukira chaka chimene maso a adada anasanduka achikasu. Ndinali mu Sitandade 3 ku Manyamula, iwo atangosiya ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa. Malaya awo ankanunkhirabe utomoni wa paini, koma mphamvu zinali zitawathera. Ankangokhala pakhonde, akudzikanda ndi chitsononkho mpaka khungu kutuwa.

Kuchipatala anati timitsempha todutsa ndulu m'chiwindi mwawo tinkatupa n'kumachita zipsera, ndipo pang'onopang'ono tinkatsekeka. Mankhwala ochiziratu panalibe. Ine zimenezo zinangondidutsa. Ndinagwira zimene ndinamva kwa amayi ena pamjigo, zoti chikasu chimatha ndi nzimbe, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti adada ndiwachiza ndekha.

Pochokera kusukulu ndinkadzera kudimba kwa amalume, n'kufika pakhomo nditasenza nzimbe yondiposa msinkhu.

"Yewo chomene, adokotala," adada ankatero pothokoza m'Chitumbuka, akuilandira ndi manja awiri.

M'mawa ndinkawatsitsa chikope ndi chala kuti ndione ngati chikasu chachepa. Masana ena ndinkasinzira nditatsamira mwendo wawo, mphepo ikuliza mapesi, n'kumalota chikasucho chikutuluka m'maso mwawo ngati agulugufe, ulendo wa kudambo.

Loweruka lina ndinawasowa pakhonde. Ndinakawapeza kudambo komweko, kumunsi kwa nyumba, atagwada m'dothi lonyowa. Nzimbe zanga anali atazidula timapisi, akuzikwirira m'mizere. Zina zinali zitaphuka kale.

"Adada, mankhwala anu mukukwirira?"

"Mwana wane, nzimbe sizingatsegule pamene patsekeka," anandiyankha mofatsa. "Ndinadyako, nzokoma chomene. Mbwenu zotsalazi tidzale."

Ndinalira, ndipo kunali kulira kwa mkwiyo. Sanandinyengerere. Anangodikira, kenaka n'kundipatsa kachidutswa kamodzi. "Kagoneke chonchi, usakwirire kwambiri." Tinadzala mpaka dzuwa kupendeka, iwo akupumira pakhasu pafupipafupi.

Anakhalabe nafe zaka zingapo, maso osayera, ndipo masana athu ambiri ankathera kudamboko. Lero ndimamvetsa kuti wodwala matenda osachira amatopa ndi anthu omusuzumira m'maso. Amafuna womugwirira khasu, ntchito yake ipitirire.

Nzimbezo zilipobe. Mwezi watha mwana wanga wamkazi anathyola imodzi, madzi ake akuyenderera m'chigongono, n'kufunsa amene anadzala. Ndinamuuza kuti tinadzala anthu awiri, wodwala ndi dokotala wake.