Mswachi wongonyowetsa

Ndine mphunzitsi ku Lobi, ndipo ana ndimawalamula ndi mawu amphamvu kuti azitsuka mano kawiri pa tsiku. Koma kukazizira mu Juni, madzi a m'ndowa amalasa m'mano. Choncho ine ndinkangoviika mswachi n'kuubwezera m'kapu, kuti akazi anga, omwe ndi namwino, aupeze wonyowa. Ndikatero, ndinkathamangira tiyi wa shuga wambiri.

Chisanu chinatha, chizolowezi chinatsala. Dzino litayamba kuwawa, akazi anga anandikhazika pakhonde n'kupala ndi kamtengo ka machesi zoyera zimene zinamatirira padzinopo.

"Bambo a Chisomo, izi ndi tizilombo, tamanga mudzi. Timadya shuga wanu uja n'kutulutsa asidi woboola dzino."

"Komatu ndimatsuka," ndinatero, kukamwa kuli yasa. "Kaukhudzeni mswachiwo, ngwonyowa."

"Kunyowako ndimakuona tsiku lililonse," anayankha akuseka. "Koma mswachi wotha chaka, n'kumaonekabe ngati wangochoka kumene m'sitolo?"

Dzinolo anakalizula kuchipatala ku Boma. Masiku ano madzi otsukira mano akazi anga amandifunditsira okha, ndipo amaima pomwepo, manja ali m'chiuno, mpaka nditamaliza.