Gogodela wa ku Kapondo

Malume anga, msilikali wopuma wa ku Kamwendo, ankasonkhanitsa mfuti zakale za gogodela, zija zothira onga kukamwa. Matipate atangoyamba, ndinawapeza ali ndi bambo wina wa ku Kapondo amene anabweretsa mfuti ya agogo ake kuti amuonere ngati ikadali yabwino.

Malume anaipapasa, nkukanda dzimbiri ndi chikhadabo. Kenako analowetsa kamtengo mumpope, nkukatulutsa, nkukayeza kunja kwake. Sikanafike pansi, panatsala zala zitatu.

"Achimwene, mfutiyi mumaisunga pati?"

"Kudenga la kukhitchini."

"Muli onga ndi chipolopolo umu," anatero malume modekha.

Ine ndi mlendoyo tinasunthira kukhomo. Malume anathiramo madzi, nkukokolola zonse ndi waya.