Matemba a a Matiki

Ine, ndi imvi zonsezi, ndinkakhulupirira kuti ku Qatar kuli damu la nsomba za tirauti. Sekani, palibe mlandu. Anandiuza ndi a Matiki, mnzanga amene tinakulira limodzi kuphiri la Zomba. Kumeneko lamulo linkati tirauti iwedzedwe ndi nyambo ya nthenga, koma ife mlonda akatembenuka tinkakoloweka katemba kamoyo pambedza.

Tonse awiri tinadzapeza ntchito ku Qatar, ndipo lamulo lololeza kusintha ntchito litabwera, a Matiki anasiya ugadi wa pahotela n'kukalondera malo osungira madzi kunja kwa Doha. Sabata iliyonse pafoni nyimbo inali imodzi: "Achimwene, nsomba zikudumpha kuno. Bwerani ndi matemba." Ine ndinkati ndibwera Kovidi ikachepa. Kenaka foni yawo inangoti zii. Mwezi unatha.

Lachisanu masana, tsiku langa la ofu, ndinanyamuka ku Umm Ghuwailina kukawafuna, mbedza m'thumba, masiki kukamwa. Pachipata cha sitima ya metro ndinaonetsa foni kuti ndilibe matendawo, n'kulipira ma riyal awiri.

Ndinatsika ku Old Airport kukagula nyambo. Musitolo matemba munalibe, koma tinsomba ta m'nyanja yamchere, touma gwa ndi ayisi.

"Totereti n'tokazinga, baba?" anafunsa wogulitsa, Mmwenye.

"N'toitanira akuluakulu awo."

Anandiyang'ana ngati ndathawa kuchipatala. Ndinamwa tiyi wa karak ndi chapati panja, chiimirire, poti mipando anali atachotsa kuopa Kovidi.

Cha m'ma folo ndinafika ku Al Wakra, kothera njanji. Wa takisi anati ma riyal sate. Titasiya nyumba m'mbuyo, msewu unangoti tayale mumchenga, wopanda ngakhale mtengo woti galu n'kukwezapo mwendo. Ndinayamba kukayika. Tirauti imafuna madzi ozizira a m'phiri. Ndinkadziwa zimenezi kuyambira ndili mwana.

Wa takisi uja anandisiya pampanda wa waya. M'kati munali zimathanki za simenti zazikulu ngati mabwalo a mpira, zotseka pamwamba. Madzi osaoneka ngakhale dontho.

Gadi wa pageti, bambo wa ku Nepal, anaona jumbo yanga ikudontha.

"Mafi samak, baba. Kuno kulibe nsomba."

"Nanga a Matiki, a ku Malawi?"

Analowa m'kanyumba kake n'kutulutsa kandodo komangirira ulusi.

"Ndinu mnzawo wa kuphiri uja? Madzulo ankakhala apa, n'kuponya ulusiwu pamchenga. Ankati mnzanga akubwera, ndikuyeserera dzanja." Anakonza masiki yake. "Anayamba kubanika, ambulansi inawatenga. Khalas, anamwalira. Anaikidwa konkuno. Kampani inati iwauza akwawo."

Ndinakhala pampando wa pulasitiki wa a Matiki mpaka dzuwa linafiira. Munthu wazaka zangazi, ndinalephera kumva kuti mnzanga wasungulumwa. Tinsomba tija ndinapatsa amphaka a pageti. Kandodo ndinatenga.

Mumetro pobwerera anthu ankaona mdala wagwira kandodo ka ulusi, koma palibe anaseka.

Akazi anga amagwira ntchito m'nyumba ina ku Onaiza, ndipo masiku amenewo sankaloledwa kutuluka. Atamaliza mbale za abwana anandiimbira. Ndinafotokoza zonse, ngakhale za amphaka. Anamvetsera osandidula, zomwe sachita kawirikawiri.

"Bambo a Dalitso," anatero, "dzulo lomweli akazi a a Matiki ku Zomba amandifunsa ngati munapita kukawaona. Sakudziwa kanthu. Mawa muwaimbire, ndipo muyankhule ndinu. Nthabwala zanuzo musiye panja."