Amondi Wowawa wa Pansi pa Thumba

Inali sikisi koloko m'mawa, uvuni utayaka kale, Mayi Kalawe ali pampando wawo wopanda chotsamira kuseri kwa bekale, kambale koyera kali pamiyendo. Dzinali anawapatsa ndi anzawo apantchito, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu palibe thumba la mtedza wa amondi limene linalowa m'chigayo iwo asanalilawe.

Ndi mayi wamfupi, wa timaso tosakhulupirira munthu. Ukawapatsa moni wansangala, amayamba ayang'ana kaye zimene zili m'manja mwako. Ngakhale amuna awo akabwera ndi nyama n'kunena kuti ndi yalero, amainunkhiza eni ake ali chilili pomwepo.

Tsikulo kunali ntchito ya makeke a ana makumi anayi a sukulu ya mkaka, ofunika kunyamulidwa masana. Amondi wake anali atabwera dzulo lake ndi bambo wachilendo wa pakamwa pokoma, amene anasenza yekha thumba mpaka pakona pa mdima. Zimenezo Mayi Kalawe sizinawasangalatse. Iwo amati wobweretsa katundu akachita changu chotero, pali chimene sakufuna kuti uone powala. Chinanso, kukamwa kwa thumbalo kunali kosokedwa pamanja ndi ulusi wabuluu, pomwe kwina konse kunali kwa makina.

Zoti amondi wina amapha anazimva kwa mlamu wawo wogulitsa mankhwala. Iye anawauza kuti m'njere yowawa muli zinthu ziwiri zogona zipinda zosiyana: china amachitcha amigidalini, chinacho chili ngati kampeni kochidulira. Njere ikakhala youma ndi yathunthu, ziwirizi sizikumana. Koma ukaitafuna, kapena kuiphwanya n'kuinyowetsa, makoma a zipindazo amagwa. Pamenepo pamatuluka fungo lamphamvu ndi poizoni wotchedwa sayanaidi, yemweyo wa m'chinangwa chowawa. Mitengo ya amondi wokoma sipanga amigidalini wochuluka, koma njere zake ndi maso n'zovuta kusiyanitsa, ndipo kwa mwana wamng'ono zowawa zochepa chabe n'zokwanira kumuvulaza. Mlamuyonso sanamukhulupirire mpaka atayesa okha pakambale.

M'mawa umenewo Mayi Kalawe anamasula ulusi wabuluu uja, natapa pamwamba pa thumba, naphwanya njere khumi ndi supuni, nadonthezera madzi. Ananunkhiza. Palibe kanthu. Analawa. Zokoma bwinobwino.

Mwini bekale, amene anali ataima pakhomo akuyang'ana wotchi, anamwetulira.

"Mwaonatu, mayi? Kapena vuto n'loti wotibweretsera wakale uja anali msuweni wanu?"

Okanda ufa anaseka cham'munsi. Mawuwo anawabaya Mayi Kalawe chifukwa za msuweniyo zinali zoona, ndipo kwa kanthawi anadzikayikira okha kuti mwina ndi nsanje chabe. Koma ulusi wabuluu uja unali pansi, pafupi ndi phazi lawo. Anapinda malaya n'kulowetsa dzanja m'thumba mpaka m'khwapa, natulutsa njere zodzaza dzanja.

Yoyamba ya pansi inali yokoma. Yachiwiri chimodzimodzi. Pofika yachinayi bwana anali atatopa, nauza wa pachigayo kuti ayatse makina ndi kudzatenga thumbalo, poti ana sangadye kukayikira kwa munthu. Mayi Kalawe ananyamuka pampando n'kukhala pathumba penipenipo, kambale kali m'manja. Wa pachigayo anawafunsa ngati akufuna awagaye pamodzi ndi mtedzawo, iwo n'kumuuza kuti ayese.

Yachisanu ndi chiwiri, madzi atangoikhudza, fungo linakwera lokha. Anaigunda ndi nsonga ya lilime, nalavulira m'chitini, natsuka m'kamwa. Kenako anatambasula dzanja.

"Nyambitani, bwana. Koma musameze."

Bwana ananyambita, nkhope n'kukwinyika ngati chikwama chakale, nathamangira kumpopi. Atabwerako anafunsa ngati sangathe kungosankha zowawazo n'kutaya. Mayi Kalawe anawafunsa kuti asankha ndi maso ati, nanga alawa thumba lonse njere imodziimodzi? Anakhuthulira amondi wapansi m'beseni, ndipo pa njere makumi awiri zotsatira, zisanu zinali zowawa. Makeke a tsikulo anapita opanda amondi.

Bwana sanapepese. M'mawa mwake Mayi Kalawe anangopeza mpando watsopano wokhala ndi chotsamira pamalo pawo. Anautembenuza, nayesa miyendo yonse inayi, ndiye n'kukhalapo.

Mwana wanga wazaka zitatu ali pasukulu ya mkaka imeneyo, choncho nditamva nkhaniyi ndinapita kukawathokoza Mayi Kalawe. Anayang'ana kaye m'manja mwanga. Zothokozazo sanazisamale. Chimene chinkawadya mumtima n'choti bambo wobweretsa amondi uja sanabwerenso, foni yake sigwira, ndipo m'galimoto mwake iwo anaonamo matumba ena asanu. M'tauni muno mabekale ndi ambiri, amayi ophika makeke m'nyumba ndiye osawerengeka.

"Mwanawe, akuti umatha kulemba," anatero, akupukuta kambale kawo. "Dzina langa lenileni usaliike, bambo uja amadziwa pamene ndimakwerera basi. Koma uwalembere amayi anzako kuti asamalawe zapamwamba. Alowetse dzanja mpaka pansi, aphwanye, anyowetse, anunkhize. Ukalemba ubwere undiwerengere kaye, ndimve ngati sunawonjezere zako."