Makapu Awiri pa Tebulo la Telala

Alamu anga, akazi a achimwene, sanalembedwepo ntchito. Mukawafunsa amati, "Ine ndimangokhala." Kungokhala kwakeko ndi uku: amalawirira kukasesa shopu ya achimwene, amene ndi telala, amasita zovala zosokedwa kale, amasokerera mabatani, kenaka amathamangira kunyumba kukaphika. Makasitomala akamayamikira kolala yoima bwino, amayamikira achimwene. Alamu amakhala atawerama, akutola mapini pansi.

Chaka chathachi achimwene anatuluka chotupa m'khosi, chakumunsi kwa chibwano. Sichinkawawa, ndiye anachinyalanyaza mpaka batani la pakolala linasiya kumangika. Kuchipatala anati ndi khansa ya pakhosi yobwera ndi kachilombo ka HPV. Ndinali nawo m'chipinda cha dokotala. Dokotala anafotokoza mosapsatira kuti kachilomboka anthu amapatsirana pogonana, ambiri amakatenga osadziwa, ndipo kamatha kubisala zaka zambiri, mwina kuyambira munthu asanakwatire. Achimwene anagwetsa maso pa nsapato zawo. Titatuluka ndinayamba kuwapepesa alamu, koma anandidula.

"Zoti anakatola kuti tidzakambirana akachira. Ndikufuna adzandiyankhe ndi pakamwa, osati kumangogwedeza mutu."

Chithandizo chinali cha dripi ndi makina owotcha chotupacho. Anawaumbira chigoba cha pulasitiki chokwana nkhope ndi mapewa, chimene ankachimangirira kubedi kuti mutu usasunthe. Tsiku loyamba achimwene anatuluka akuseka. "Zaka zonsezi ndikuyeza anthu, lero andiyeza ine. Ndipo sanandisiyire n'komwe malo onenepera."

Kusekako sikunakhalitse. Khosi linapsa mkati ndi kunja, malovu anauma, chilichonse chinkamveka dzimbiri m'kamwa. Anawaika kapaipi pamimba kowadyetsera. Koma namwino anachenjeza kuti asasiye kumeza, ngakhale timadzi pang'ono tsiku lililonse, chifukwa khosi likagona nthawi yaitali limaiwala ntchito yake, ndipo kapaipiko kakhoza kukhala ka moyo wonse.

Achimwene ankati kumeza madzi kunali ngati kumeza masingano. Anakana. Kapu ankaikankhira kutali ndi chigongono, n'kutembenukira kukhoma. Ine ndinawachonderera mpaka mawu anandithera.

Alamu sanachonderere. Anabweretsa makapu awiri, n'kuthiramo madzi ofanana.

"Mukameza, ndimeza. Mukasiya, ndasiya."

"Mufa ndi ludzu, mayi a mapasa," achimwene ananong'ona, mawu ali osasa.

"Ndiye mabatani muzidzasokerera nokha. Makasitomala adzayenda mimba pamtunda."

Ndinkayesa n'zongoopseza. Koma masana ena ndinawapeza alamu ku shopu, kumene ankamaliza okha maoda otsala, akusita yunifomu, thukuta lili kamukamu, milomo itang'aluka. Ndinawapatsa madzi. Anapukusa mutu. "Achimwene anu sanameze." Kudya ankadya, kuti apeze mphamvu zogwirizira achimwene pokwera basi yopita kuchipatala, koma chakumwa chilichonse anachimangirira kukhosi kwa amuna awo.

Achimwene ankayang'ana milomo ija, n'kutukwana chamumtima, n'kunyamula kapu. Ankameza misozi ikutsika, dzanja litakwinya nsalu ya pabedi. Alamu ankadikira kuti kutsokomola kwa achimwene kuthe, kenaka n'kumwa muyezo womwewo, osapitirira. Anachoka pa madzi kufika pa mkaka, pa mkaka kufika pa dzira lopuntha. Panali masiku amene zonse zinkabwerera, ndipo alamu ankachapa, n'kutsuka kapaipi, n'kupaka mafuta pakhosi lopsalo, n'kudzazanso makapu. Sindinawamvepo akutchula zimenezi kuti ndi ntchito.

Chithandizo chitatha, zithunzi za kuchipatala zinaonetsa kuti chotupa chapita. Tinasangalala, koma kapaipi kanali kadakalipo. Achimwene anabwerera pa makina awo osokera ataonda ngati ndodo, botolo lamadzi pambali. Zolimba ankaziopa. Akaona buledi ankagwira pakhosi. Alamu nawo ankamwabe muyezo womwewo wa amuna awo, osapitirira.

Tsiku lina kunabwera kasitomala wamimba, thalauzi lili m'manja, akukalipa kuti lamuchepera. Alamu anali atasiya tiyi ndi buledi wawo patebulo lodulira nsalu, akusita chapakona. Ine ndinkapinda nsalu.

"Mwadya nsalu yanga, atelala!"

"Ndingadye nsalu ine, munthu wodyera m'paipi?" anatero achimwene. "Thalauzi silinachepe, bwana. Inuyo ndi amene mwawonjezera nyumba."

Mkangano uli mkati, dzanja lawo linapita lokha patebulo. Linanyema buledi, kumviika mu tiyi, n'kuponya m'kamwa. Anatafuna, anameza, n'kupitiriza kuloza mimba ya bwana uja ndi tepi. Sanadziwe chimene achita.

Alamu anaima, simbi ili m'mwamba. Anandiyang'ana, n'kuika chala pamilomo. Tinaonerera chidutswa chachiwiri chikutsika, kenaka chachitatu. Sanatsamwe. Pamenepo alamu anaimika simbi bwinobwino, ananyamula jagi yamadzi imene amawazira zovala, n'kulowa kuseri kwa katani yoyesera zovala. Ndinamva akumwa osapumira, ngati munthu wochokera ulendo wautali.

Kasitomala atapita, achimwene anasuzumira m'kapu, nkhope ili tsinya.

"Mayi a mapasa, tiyi ameneyu shuga mwamana."

"Anali wanga," anayankha alamu kuseri kwa katani.