Penti Woyera pa Chithunzi cha Amayi

Chinali chithunzi cha papepala lolimba, chokwana m'manja awiri, m'mphepete monse mutadyeka. Panali mayi wovala nsalu yabuluu atanyamula khanda lonenepa, kumbuyo kwake kuli bii, nkhope yokha ikuwala. Amayi ankachisunga m'sutikesi, pansi pa zitenje, m'nyumba yathu ya pansanjika yachitatu ku Hamilton. Abambo akanyamuka m'mawa kukakwera sitima ya ku Toronto, amayi ankachitulutsa n'kuchiyedzamiritsa pawindo la kukhitchini. Madzulo chinkabwerera m'sutikesi. Abambo anali mkulu wa mpingo, ndipo mpingo wawowo sugwirizana ndi zithunzi. Amayi anakulira m'Chikatolika ku Dedza, anachisiya pokwatiwa.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chisanu cha chaka chimenecho chinatitsekera m'nyumba. Kunja chipale chofewa chili mbee, m'nyumba mpweya wotentha ukuumitsa mphuno. Ine ndinkangoyendayenda, kuchipinda, kukhitchini, kuchipinda.

"Iwe, ngati nkhuku yofuna kuikira bwanji? Takhala pansi," ankatero amayi.

Kusukulu aphunzitsi anatiyambitsa mbiri ya ku Ulaya. Anatisonyeza ntchito za amisiri a ku Italy amene ankakwera nsanja n'kujambula madenga a matchalitchi kwa zaka, khosi lili chagada. Kenako anatiuza za mmonke wina, wansembe wa ku Jeremani, amene anatsutsa akuluakulu a mpingo, ndi za makamu amene pambuyo pake ankalowa m'matchalitchi, kuswa ziboliboli, makoma ojambulidwa n'kuwapaka laimu. Mutu wanga unagwira moto. Ndinaona kuti nkhondo imeneyo inali m'nyumba mwathu momwe, ndipo ndinasankha mbali ya abambo popanda wondifunsa. Mwana akadziwa zinthu ziwiri amavuta, ine ndinali nditadziwa zitatu.

Aphunzitsi atati aliyense abweretse chinthu chosonyeza zimene taphunzira, sindinachedwe. Ndinapisa dzanja pansi pa zitenje, ndinatenga penti woyera wa kusukulu, n'kupaka theka la chithunzicho, kuyambira pachipumi cha mayiyo kutsika mpaka paphewa. Fungo la penti uja ndikulimvabe. Aphunzitsi anachikhoma pakhoma la kalasi, anandiyamikira pamaso pa anzanga onse.

Kunyumba amayi anasowa mtendere masiku atatu. Ankakhuthula sutikesi, kukutumula chitenje chilichonse, kupindanso, kukhuthulanso. Anasuzumira kuseri kwa filiji. Kufunsa mokweza sakanatha, poti chinthucho m'nyumba mwathu chinali ngati kulibe.

"Sunaone kanthu kanga m'sutikesimu?"

Ndinayankha m'Chingerezi, maso ali kumbali, kuti kanthu kanji. Manyazi ake ndikadali nawo mpaka lero.

Lachisanu ndinabwera nacho, ndipo tili patebulo ndinachiika kutsogolo kwa abambo, mtima uli dyokodyoko kudikira kuti anditamande. Ndinayamba kulakatula za mmonke uja ndi za laimu.

"Tseka pakamwa," anatero abambo. "Wakutuma ndani?"

Ha! Ine kukamwa yasa. Ndiye kuti abambo ankadziwa zaka zonsezo, ankangoyang'ana kumbali.

Amayi sanandikalipire, ndipo bola akanandimenya. Anachinyamula, n'kuyamba kupala penti uja ndi chikhadabo pang'onopang'ono. Penti ankachoka pamodzi ndi nkhope. Atapala kawiri katatu anasiya, pepala lili gwa m'manja.

"Ichi chinkapachikika kumutu kwa mphasa ya agogo ako a ku Dedza," anatero abambo motsitsa mawu. "Iwo sanajambulitsepo moyo wawo wonse."

Loweruka abambo anavala jekete lawo lalikulu n'kukwera sitima. Tangoganizani, mkulu wa mpingo kuyenda sitolo ndi sitolo mu Toronto, m'chisanu chotero, kufunsa zithunzi za Akatolika! Anabwera ndi china chatsopano, chonyezimira, cha m'felemu, mayi wake wovala buluu yemweyo. Amayi anachilandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kukachiika m'sutikesi pansi pa zitenje.

Lolemba m'mawa ndinapeza pawindo pali chakale chija, theka loyera lija lili lokalikakalika, diso limodzi lokha likuyang'ana. Sichinabwererenso m'sutikesi, ngakhale madzulo, ndipo abambo anachisiya pomwepo.

Ine zinandikwiyitsa. Ndinkati amayi akuchitira dala kuti ndizichiona tsiku lililonse. Chatsopano chilipo, chokongola kuposa, abambo achivutikira, nanga chowonongekachi n'chachiyaninso? Ndinafunsa ndithu, mwamwano. Amayi anapitiriza kutsuka makapu, osatembenuka.

"Chatsopanocho mayi anga sanachigwirepo," anatero.

Ndinakweza mapewa n'kunyamula chikwama changa, kuthamangira basi. Ndinkadziwa za amisiri a ku Italy, ndinkadziwa za mmonke wa ku Jeremani, mayeso ndinakhoza bwino. Koma sindinkadziwa kuti munthu angawoloke nyanja ndi nkhope ya eni ake, n'kumaonapo amayi ake m'mawa uliwonse.